Hatchi Yokhala Nduna, Kapolo Wokhala Sultani

Pa tchuthi chapitachi mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira pa koleji ina mumzinda, anabwera kumudzi ndi laputopu yake. Usiku wina titatha kudya anandiitana uku akuseka mpaka misozi, nati, "Amalume, tabwerani mudzaone zimene zachitika m'dziko langa." Pa galasi la kompyutayo panali mapu opakidwa mitundu yosiyanasiyana, ndipo chaka cholembedwa pakona chinali cha m'ma 1200. Koma dziko limene ndinaliona silinali limene ndinaliphunzira m'mabuku. Mfumu ya ku Ireland inali Msilamu. Zidzukulu za ma Viking, anthu a kumpoto kozizira kwa Europe, zinali kulamulira gombe lina la India. Ufumu waukulu umene mnyamatayo anaumanga kwa masabata atatu unali utang'ambika zidutswa zinayi, chifukwa mfumu yake inadwala n'kumwalira mwadzidzidzi, ana ake aamuna n'kugawana dziko monga asodzi agawana usipa pa gombe.

Masewerowa dzina lake ndi Crusader Kings, ndipo amapangidwa ndi kampani ya Paradox ya mumzinda wa Stockholm ku Sweden. Oyamba anatuluka mu 2004, achiwiri mu 2012, achitatu mu 2020. Wosewera amasankha mfumu kapena nduna imodzi ya nyengo yakale, mwachitsanzo ya mu 867 kapena mu 1066, n'kumayendetsa banja lake lachifumu mpaka chaka cha 1453. Amakwatitsa ana, amasonkhetsa msonkho, amamenya nkhondo, amachita ziwembu. Mfumu yake ikafa, iye amapitiriza ndi wolowa ufumu. Banja likatha psiti, masewero athera pomwepo. Chimene chimasiyanitsa masewerowa ndi bawo n'chakuti mu bawo nkhomo zilibe mtima, zimagona pamene waziika. Umu muli anthu zikwizikwi oyendetsedwa ndi kompyuta, aliyense ndi khalidwe lake, nsanje yake, matenda ake ndi tsiku lake lofa, ndipo zambiri zimagwa mwa maere. N'chifukwa chake anthu awiri akayambira pa mfumu imodzimodzi sathera pa dziko lofanana.

Osewera amakonda kusimbirana zodabwitsa zimene zawagwera. Mu Crusader Kings II mfumu yopenga imatha kusankha hatchi yake, yotchedwa Glitterhoof, kukhala nduna yaikulu, ndipo osewera ena ochenjera anapeza njira zoti hatchi zilowe ufumu weniweni. Kampaniyo inatulutsanso chigawo chowonjezera chimene zombo za a Aztec a ku Mexico zimawoloka nyanja ya Atlantic kudzalanda Europe. Mnyamata uja atandisimbira zonsezi anamaliza ndi mawu akuti, "Koma izi ndi za m'gemu basi, amalume. M'mbiri yeniyeni zinthu zimayenda mwa dongosolo."

Za hatchiyo sindinatsutse, ngakhale olemba mbiri ya Rome amanena kuti mfumu Caligula inafunapo kukweza hatchi yake pa udindo. Koma za dongosolozo ndinakana. Pali zaka khumi ndi zinayi zokha, kuyambira 1249 mpaka 1263, zimene wina atazilemba ngati zotuluka m'masewero, anzake anganene kuti kompyuta yasokonezeka.

Mu June 1249 mfumu ya France, Louis IX, inakocheza zombo zake pa gombe la Egypt ndi gulu lalikulu la ankhondo a mtanda. Mzinda wa Damietta unagwa pafupifupi popanda nkhondo, pakuti asilikali oulondera anathawa usiku. Sultani wa Egypt, as-Salih Ayyub, wa banja la Salahuddin, anali kudwala kwambiri, ndipo mu November chaka chomwecho anamwalira mu msasa wake ku Mansurah, adani ali panjira. Mwana wake wolowa ufumu, Turanshah, anali kutali ku Hisn Kayfa, m'mbali mwa mtsinje wa Tigris, ulendo wa masabata ambiri. Aliyense wodziwa masewero aja angakuuzeni chotsatira: mfumu yafa, wolowa palibe, mdani ali pakhomo, ndiye kuti dziko lapita.

Dziko silinapite, chifukwa cha mkazi mmodzi. Mkazi wa Sultaniyo, Shajar al-Durr, dzina lotanthauza mtengo wa ngale, analowa m'nyumba yachifumu monga kapolo wogulidwa, ndipo anadzakhala mfulu ndi mkazi wokondedwa atamuberekera mwamuna wake mwana. Iye anagwirizana ndi mkulu wa asilikali, Fakhr ad-Din, kuti imfayo ibisidwe. Chakudya chinapitiriza kulowa m'hema wa Sultani monga mwa masiku onse. Malamulo anapitiriza kutuluka ali ndi siginecha yake. Ofuna kumuona ankauzidwa kuti wodwala akupuma. Panthawi yomweyo wamthenga anali pa liwiro kukatenga Turanshah.

Pa 8 February 1250 mng'ono wa mfumu ya France, Robert wa ku Artois, anawoloka mtsinje pamalo osaya n'kudzidzimutsa msasa wa Asilamu m'bandakucha. Fakhr ad-Din anatuluka mothamanga kuchokera kosamba, wosavala zankhondo, ndipo anaphedwa pomwepo. Sultani wafa, mkulu wa asilikali wafa. Robert akanadikira mkulu wake, mbiri ya Egypt ikanalembedwa mwina. Koma analedzera ndi chipambano, nathamangitsa hatchi zake kulowa mumzinda wa Mansurah umene zipata zake zinali zotsegula. M'tinjira topanikiza ta mumzindamo hatchi zazikulu zija sizinathe kutembenuka. Asilikali a Sultani otchedwa Bahriyya, mmodzi wa atsogoleri awo ali mnyamata wotchedwa Baybars, anawatsekera mkati. Robert anafera momwemo pamodzi ndi ambiri mwa amene analowa naye. Patapita miyezi iwiri, njala ndi matenda zitafooketsa otsala, Louis mwiniwake anagwidwa pafupi ndi Fariskur pa 6 April, namangidwa m'nyumba ya mlembi wina wa boma, Ibn Luqman, imene lero ndi nyumba yosungiramo zakale ku Mansurah. Anatuluka atabweza Damietta ndi kulonjeza dipo la ma livre 400,000, ndalama ya kwawo ya masiku amenewo.

Tsono a Bahriyya amenewa anali ndani? Apa mpamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupempha owerenga apirire nane.

Iwo anali ma mamluk, mawu a Chiarabu otanthauza munthu amene ali chuma cha wina. Anali anyamata ogulidwa pamsika, makamaka a mtundu wa Kipchak wa m'zigwa za kumpoto kwa Black Sea. As-Salih Ayyub sankakhulupirira abale ake, choncho anagula anyamata ambiri otere, nawaika pa chilumba cha Rawda pa mtsinje wa Nile. Kumeneko ankaphunzitsidwa Chisilamu, Chiarabu, uta ndi kukwera hatchi, ndipo akamaliza maphunziro ankapatsidwa ufulu ndi udindo m'gulu lankhondo. Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa kulemera kwa mawu akuti kapolo, ndipo sindifuna kuukometsa mchitidwewu. Ngakhale ena mwa anyamatawa anadzavala zagolide, aliyense wa iwo anali mwana wolandidwa kwa mayi ake. Funso lofunika nali: n'chifukwa chiyani m'zaka zimenezo misika inadzaza ndi ana a Kipchak otsika mtengo? Chifukwa pakati pa 1236 ndi 1242 ankhondo a Mongol, zidzukulu za Genghis Khan, anasesa zigwa zimenezo, ndipo opulumuka ambiri anathera m'manja mwa ogulitsa anthu. Baybars anali mmodzi wa ana amenewo. Olemba mbiri amasimba kuti wogula wina wolemekezeka ku Hama anamukana chifukwa cha kachilema ka m'diso. Sungani mfundo imeneyi, tidzaipeza kutsogolo.

Turanshah anafika ku Egypt nkhondo yaikulu itatha kale, ndipo m'malo mothokoza amene anamusungira mpando anayamba kuwaopseza. Maudindo anapatsa anzake amene anabwera nawo. Shajar al-Durr anamulamula kuti apereke chuma cha malemu bambo ake. Amasimba kuti akaledzera ankadula mitu ya makandulo ndi lupanga n'kumatchula maina a akuluakulu a Bahriyya. Pa 2 May 1250 iwo anamuyambirira. Anathawira pa nsanja yamatabwa, nsanjayo anaiyatsa, analumphira mumtsinje, ndipo anamumalizira m'madzi. Ufumu wa banja la Salahuddin ku Egypt unathera pamenepo, patangotha mwezi umodzi chigonjetsere mfumu ya France.

Akuluakulu a asilikali anachita chimene Egypt wa Chisilamu anali asanachionepo: anaika Shajar al-Durr pampando wa Sultani. Dzina lake linadindidwa pa ndalama, ndipo linatchulidwa mu khutuba ya Ijumaa. Analamulira masiku pafupifupi 80. Khalifa wa ku Baghdad, al-Musta'sim, anakana kumuvomereza, ndipo akuti anatumiza uthenga wonyoza wakuti ngati amuna atha ku Egypt amuuze kuti awatumizire mmodzi. Pofuna kutseka pakamwa potero, mayiyo anakwatiwa ndi mmodzi wa ma mamluk, Aybak, namupatsa dzina la Sultani, ngakhale zingwe zambiri za boma zinatsala m'manja mwake. Mathero a awiriwa ndi omvetsa chisoni ndipo sindichedwapo. Mu 1257 Aybak anafuna kukwatira mwana wa wolamulira wa ku Mosul. Shajar al-Durr anamuphetsa ali kosamba. Patapita masiku ochepa nayenso anaphedwa, akuti pomenyedwa ndi nsapato zamatabwa ndi adzakazi a mkazi woyamba wa Aybak. Manda amene anadzimangira alipobe ku Cairo, ndipo pa mihrabu yake pali chithunzi cha mtengo wobala ngale.

Khalifa uja amene anadzitama kuti ali ndi amuna otsala anangokhala chaka chimodzi chosakwana mayiyo atamwalira. Kumapeto kwa January 1258 Hulagu, mdzukulu wa Genghis Khan, anazinga Baghdad, ndipo pa 10 February mzindawo unagonja. Al-Musta'sim anaphedwa, ndipo ambiri amati anakulungidwa m'kapeti n'kupondedwa ndi hatchi, pakuti a Mongol ankapewa kukhetsera pansi magazi achifumu. Banja la Abbas linali litagwira ukhalifa kuyambira 750. Pano ndili ndi dandaulo langa pa masewero aja. Pa galasi la kompyuta kugwa kwa mzinda ndi kusintha kwa mtundu wa penti, wobiriwira kusanduka wofiira, ndipo wosewera amaseka n'kupitiriza. Ku Baghdad kupha kunatenga masiku ambiri, nyumba za mabuku zinapasulidwa, ndipo Hulagu mwiniwake m'kalata imene analembera Louis wa ku France mu 1262 anadzitama kuti anthu ophedwa anaposa 200,000. Mwana amene akuphunzira mbiri kudzera pa mapu okha sangamve fungo limeneli.

Aleppo anagwa mu January 1260, Damascus mu March. Kuchokera ku Central Asia mpaka ku Syria panalibe mfumu ya Chisilamu imene inaima pamaso pa a Mongol n'kutsala. Panatsala Egypt yekha, wolamulidwa ndi akapolo akale amene anali atangotha kuphana okhaokha. Sultani wake, Qutuz, anali atalanda mpando miyezi yochepa m'mbuyomo kwa mwana wamng'ono wa Aybak, ponena kuti nthawi yotere sifuna mfumu yachibwana. Qutuz nayenso anagulitsidwa ukapolo ali mwana, a Mongol atagonjetsa dziko la kwawo. Hulagu anatumiza nthumwi zolamula kuti Egypt agonje. Qutuz anazipha, napachika mitu yawo pa chipata cha Zuwayla ku Cairo.

Kulimba mtima kotere kukanakhala kudzipha chabe pakanapanda imfa ina imene inachitika kutali kwambiri. Mu August 1259 mfumu yaikulu ya a Mongol onse, Möngke, mkulu wake wa Hulagu, inamwalira ku Sichuan m'dziko la China ili pa nkhondo yozinga linga lina. Abale ake awiri anayamba kulimbirana mpando. Uthenga utamufika Hulagu, anabwerera chakum'mawa ndi gawo lalikulu la ankhondo ake. Akatswiri ena amawonjezera kuti msipu wa ku Syria sukanakwanira hatchi zochuluka chotero m'chilimwe. Anasiya kazembe wake Kitbuqa, amene anali Mkhristu, ndi asilikali pakati pa 10,000 ndi 20,000. Apa ndiyenera kuwapatsa ulemu wawo opanga masewero aja: anaona bwino kuti m'nyengo imeneyo ufumu unkapachikika pa thupi la munthu mmodzi. Munthu akatsikira kuli chete ku China, malire amasuntha ku Palestine.

Nkhondo imafuna ndalama, ndipo Qutuz anaganiza zoika msonkho wapadera pa anthu wamba. Atasonkhanitsa ma ulama kuti avomereze, shehe wokalamba, al-Izz ibn Abd as-Salam, anayankha kuti kutero n'kololedwa pokhapokha mosungira chuma cha boma mutatha, ndiponso akuluakulu a asilikali atagulitsa malamba awo agolide ndi zokongoletsera zawo mpaka aliyense atatsala ndi hatchi ndi chida chokha, mofanana ndi munthu wamba. Ndinamufunsa mnyamata uja ngati m'masewero ake muli munthu wotere, wopanda asilikali, wopanda malo, amene mawu ake okha angaimitse mfumu. Anandiuza kuti atsogoleri achipembedzo alimo, ndipo ukawakwiyitsa umawatumizira mphatso.

Kenaka kunachitika chinthu chimene ngakhale osewera okhwima angachitche cholakwika cha kompyuta. Njira yopita kumpoto inkadutsa m'dera la ankhondo a mtanda a ku Acre, anthu omwewo amene Asilamu anamenyana nawo kwa zaka zoposa 160, ndipo anzawo anagonjetsedwa ku Mansurah zaka khumi zokha m'mbuyomo. Mafumu ena a Chikhristu, wa ku Armenia ndi wa ku Antioch, anali kale kumbali ya a Mongol. Koma akuluakulu a ku Acre anawaopa a Mongol kuposa mmene ankadera ma mamluk. Sanatumize asilikali, koma analola Qutuz kudutsa mwamtendere, kumanga msasa pafupi ndi linga lawo ndi kugula chakudya. Patapita zaka 31, mu 1291, ma mamluk omwewo anadzagwetsa Acre n'kuthetsa maufumu a ankhondo a mtanda m'dziko limenelo.

Magulu awiriwa anakumana pa 3 September 1260, tsiku la 25 la Ramadhan m'chaka cha 658 cha Hijra, pa kasupe wotchedwa Ayn Jalut, kasupe wa Jalut, dzina limene mwana aliyense wa ku madrasa amalidziwa kuchokera m'nkhani ya Mneneri Dawud (AS). Baybars anatsogolera gulu la patsogolo. Ananamizira kuthawa kuti akokere adani kumene anzake anabisala, chenjerero limene a Mongol eni ake anagonjetsera nalo mitundu yambiri, ndipo limene mwana wa m'zigwa za Kipchak sanafunikire kuliphunzira kwa wina. Mbali ya kumanzere ya Asilamu itayamba kugwedezeka, Qutuz anavula chisoti chake kuti asilikali amuone nkhope, nalowa yekha pakati pa nkhondo. Pofika madzulo Kitbuqa anali ataphedwa ndipo gulu lake litabalalika. Tsopano bwererani ku mfundo ija ndinakusungitsani. Amene anaimitsa a Mongol anali ana omwe a Mongol anawathamangitsa kwawo zaka makumi awiri m'mbuyomo, n'kuwagwetsera pamsika wa akapolo. Akulu akale amati choipa chitsata mwini, koma kawirikawiri sichidutsa njira yaitali chonchi, kuchokera ku Black Sea, kudzera pa chilumba cha pa Nile, mpaka pa kasupe wa ku Galilee.

Qutuz sanafikenso ku Cairo kumene anthu anakongoletsa misewu kuti amulandire. Mu October, ali panjira yobwerera, Baybars ndi anzake anamupha, ndipo amene analowa mumzinda wokongoletsedwawo anali Baybars, mnyamata uja wokanidwa pamsika chifukwa cha diso. Sindingathe kubisa kuti mbiri imeneyi ili ndi magazi mbali zonse, ndipo ngwazi zake sizinali angelo. Baybars analamulira mpaka 1277. Mu 1261 analandira munthu wa banja la Abbas amene anapulumuka, namulonga ukhalifa ku Cairo, kotero kuti banja limene linanyoza Egypt chifukwa cholamulidwa ndi mkazi wogulidwa linadzakhala m'manja mwa akapolo a mwamuna wake, lili ndi dzina koma lopanda mphamvu, mpaka 1517.

Hulagu akanatha kubweranso ndi gulu lake lonse, ndipo anafunadi kutero. Amene anamutsekereza sanali Mwarabu kapena Mturuki, koma msuweni wake. Berke, mdzukulu winanso wa Genghis Khan, wolamulira zigwa za kumpoto m'mbali mwa mtsinje wa Volga, anali atalowa Chisilamu. Anakwiya ndi kuphedwa kwa Khalifa, komanso panali mkangano wa malo odyetsera ziweto ku Azerbaijan. Olemba mbiri amasiyana pa chimene chinalemera kuposa chinzake. Mu 1262 nkhondo inabuka pakati pa a Mongol okhaokha. M'nyengo yozizira, kumayambiriro kwa 1263, ankhondo a Hulagu anagonjetsedwa pa mtsinje wa Terek, ndipo pothawa madzi oundana a pamwamba pa mtsinjewo anasweka, ambiri n'kumira. Berke ndi Baybars anayamba kutumizirana nthumwi ndi mphatso, ndipo zombo zinapitiriza kunyamula ana a Kipchak kuchokera m'dziko la Berke kupita ku Egypt, kukakhala asilikali olimbana ndi msuweni wake.

Mnyamata uja anandimvetsera mpaka apa, kenaka anati m'masewero ake mafumu awiri akakhala a chipembedzo chimodzi amakondana mosavuta, choncho a Mongol akanangolowa Chisilamu nkhani ikanatha. Anaterodi, koma nkhani sinathe. Mu 1295 Ghazan, chidzukulu chachiwiri cha Hulagu, anapereka shahada natenga dzina lakuti Mahmud, ndipo ufumu umene unagwetsa Baghdad unasanduka wa Chisilamu. Patangotha zaka zinayi Mahmud Ghazan analowa m'dziko la Syria ndi nkhondo, nagonjetsa ma mamluk pafupi ndi Homs mu December 1299, ndipo Damascus anagwanso. Ibn Taymiyya anali m'gulu la akuluakulu a mumzindamo amene anapita kukaima pamaso pake kuti achonderere anthu awo.

Mu April 1303, mulinso m'mwezi wa Ramadhan, magulu awiriwa anakumana komaliza pa nkhondo yaikulu ku Shaqhab, kumwera kwa Damascus, ndipo ankhondo a Ghazan anagonja. Khalifa wa banja la Abbas anali pabwalo la nkhondolo kumbali ya Egypt. Sultani amene anapambana anali mnyamata wa zaka 18, an-Nasir Muhammad, amene bambo ake, Qalawun, anali Mkipchak wogulidwa pamsika, ndipo mayi ake anali mwana wa mkulu wina wa a Mongol. Ndi Sultani yemweyu amene mu 1324 analandira ku Cairo mlendo wochokera kumadzulo kwa Africa ali pa ulendo wa Hajj, Mansa Musa wa ku Mali.